Mbiri ya Bambo Inati Ana Sikisi

Lolemba, 5 Ogasiti

Ndafika kunyumba dzuwa lili paliwombo. Minibasi inandisiya pa Kamwendo, wakabaza n'kunditenga, chikwama cha mabuku chili pamiyendo. Pachikweza cha kudambo anandifunsa ngati ndanyamula njerwa. Ndinati ayi, ndanyamula anthu akumaiko ena, ambiri mwa iwo anamwalira kalekale. Anangopukusa mutu n'kupitiriza kupalasa mpaka pakhomo.

Amayi awonda, koma mawu ndi omwe aja. Nsapato ndisanavule n'komwe, achimwene a Gerald anali atayamba kale kugawa ntchito. Loweruka la sabata yamawa, pa 17, tikuvundukula chiliza cha bambo. Chaka chakwana kale chimwalirireni, ine ndimangoona ngati ndi dzulo. A Gerald ndiwo achisamba, ndiye zonse zili m'manja mwawo: matailosi, mbuzi, kwaya, mipando ya kutchalitchi. Ine andipatsa mbiri.

"Iwe Mwayi, si umaphunzira zolembalemba kukoleji kwanuko? Ulembe mbiri ya bambo, ukawerenge wekha kumanda. Tione nafe zimene wakhala ukuchita zaka ziwiri zonsezi."

Kwathu kuno wowerenga mbiri akamaliza amaitana ana a malemu mmodzimmodzi, kuyambira wamkulu. Wamkuluyo ndiye amachotsa nsalu imene yaphimba chiliza. A G. agula kale shati yoyera ya tsikulo, andionetsa kawiri.

Kunena zoona ndasangalala. Aka n'koyamba kuti apabanja andipemphe kulemba chinthu choposa uthenga wa pafoni.

Lachiwiri, 6 Ogasiti

Ndakhala pansi pa mango kuyambira m'mawa, masamba anayi atuluka. Ndikudzimva kukoma, sindibisa.

Ndimadzidabwa mmene ndasinthira. Kusekondale ndinkawerenga buku ngati galu akundithamangitsa, kungofuna kudziwa ngati akwatirana kapena wina afa. Zofotokoza mitengo ndi mitambo ndinkalumpha. Chikumanireni ndi Madamu C., aphunzitsi athu a nkhani zolembedwa, sindingawerengenso popanda pensulo m'manja. Iwo ali ndi mafunso atatu amene amatibwerezera mpaka kutitopetsa: akuyankhula ndani, akuuza ndani, ndipo wasiyidwa panja ndani? Matendawa ndabwera nawo kumudzi. Lero ndadzipeza ndikufunsa thumba la feteleza kuti likuuza ndani.

Choipa chake n'chakuti kulemba kwakhala kovuta. Kale kalata ndinkailemba madzi a tiyi asanawire. Pano chiganizo chimodzi ndimachitembenuza kasanu, n'kuchifuta.

Lachitatu, 7 Ogasiti

Ndawawerengera amayi. Anali akupeta mtedza pakhonde, ine n'kuimirira ngati ndili m'kalasi. Ndinayamba: "Timoteyo Mbewe anali mkuyu waukulu, umene mbalame za kum'mawa ndi za kumadzulo zinkabisalamo mvula ikamagwa."

Lichero linaima.

"Mkuyu uti? Bambo ako anali munthu wamfupi."

Ndinawafotokozera kuti n'chifanizo chabe. Anamvetsera masamba onse anayi, mwaulemu ndithu, kenako anati, "Mawu ndi okoma, mwanawe. Koma anthu akabwerako kumandako osadziwa kuti anabatizidwa liti. Pita kwa a Benedicto ukaone mmene anzako amalembera."

Zandipweteka kuposa maliki ofiira a Madamu C. Ndadya mtedza wambiri chifukwa cha mkwiyo, pano m'mimba mukuwira.

Lachinayi, 8 Ogasiti

A Benedicto ndi katekisiti wopuma, amakhala chakumbali ya Kachebere. Ndiwo analemba ndi kuwerenga mbiri ya bambo pamaliro chaka chatha. Ndawapeza akukonza tcheni cha njinga, magalasi atamangidwa ndi ulusi. Ali ndi makope asanu ndi awiri odzaza mbiri za anthu onse amene anawaika m'zaka makumi atatu, munthu aliyense tsamba limodzi, mfumu kapena wosauka chimodzimodzi.

Nditaona tsamba la bambo ndinatsala pang'ono kuseka. Anabadwa, anabatizidwa, anakwatira, anadwala, anamwalira, wasiya. Ngati fomu ya kuchipatala. Ndinalijambula pafoni mwaulemu chabe, n'kutsanzika.

Madzulo ndalikopera m'kope langa, pensulo n'kuyamba zake. Ndipamene mutu wanga waima.

Mzere womaliza ukuti: "Wasiya mkazi mmodzi, ana 6 ndi zidzukulu 11."

Ife tilipo asanu: a Gerald, a Rozi, a Mateyo, a Thandiwe ndi ine chitsirizira. Zidzukulu ndaziwerenga pazala katatu, zilipo eyiti. Munthu wokalamba akhoza kulakwitsa nambala imodzi. Koma ziwiri, zonse mopitirira? Mwana mmodzi woonjezera wokhala ndi ana atatu akeake, masamu ake akugwirizana bwinobwino.

Chinanso. Chiganizo chilichonse cha a Benedicto chili ndi chifukwa chake. Anasiya sukulu chifukwa bambo awo anamwalira. Anasamukira kuno chifukwa cha ukwati. Koma pakati pali ziganizo ziwiri zouma: "Mu 1983 anapita ku Zambia. Mu 1988 anabwerako." Zaka zisanu zathunthu popanda chifukwa ngakhale chimodzi.

Pamaliro ndinalipo, mawu amenewa anawerengedwa pamaso pa mudzi wonse. Sindinamve kanthu, ndinali ndikulira. Kodi ena anamva?

Lachisanu, 9 Ogasiti

Ndawafunsa a G. za sikisi uja mongoyerekeza, akuthira madzi pasimenti ya chiliza. Sanatembenuke n'komwe. "Mkulu uja maso anatha. Usamalimbane ndi zolakwika za okalamba, lemba zako."

Safunsa anadya phula. Ndabwerera kwa a Benedicto.

Atamva funso langa anavula magalasi, n'kundiyang'ana nthawi yaitali. "Chaka chonse chapita, ndiwe woyamba kubwera kudzafunsa."

"Ndiye simunalakwitse?"

"Mwana wanga, ine ndikhoza kulakwitsa nyimbo, koma nambala ya ana a munthu ayi. Anandipatsa mwini wake ali pabedi kuchipatala. Anati, a Bene, mukadzalemba mudzalembe sikisi. Ndinafunsa dzina, anati dzina akulidziwa a Habibu. Pamaliro sitiwerenga maina, ndiye ine ndinalemba zimene ndinapatsidwa, zina ndinasiyira inu a chiliza."

Ndinafunsa za Zambia, chifukwa chiyani sanalembe chifukwa. Anaseka pang'ono. "Chimene sindikuchidziwa bwino sindichikometsa. Ndimangosiya malo."

Dzulo ndinkaseka tsamba la mkuluyu. Lero ndaona kuti m'mizere khumi ndi iwiri anaikamo chinthu chimene masamba anga anayi a mkuyu analibe.

Lamulungu, 11 Ogasiti

Kutchalitchi ndimangoyang'ana amayi pamzere wa azimayi, akuimba maso ali chotseka. Zaka 34 m'banja, osadziwa kuti mwamuna wawo ali ndi mwana kwina. Ndawamvera chisoni mpaka misozi. Mayi wina pambali panga anandisisita pamsana poganiza kuti ndikulira bambo.

Ndakwiyira bambo, koma chidwi chikuposa mkwiyo. Ndi wamwamuna kapena wamkazi? Ali ndi mpata wa m'mano ngati ine ndi a Rozi?

Lolemba, 12 Ogasiti

A Habibu ali ndi golosale ndi shopu ya nsalu pa Kamwendo, mnzawo wa bambo kuyambira ali anyamata. Ndinawapeza akuchokera kumzikiti masana. Nditangotchula a Benedicto anauza mkazi wawo kuti aone kasitomala, n'kunditengera kuseri kumene amasunga mabelo. Anandipatsa fanta, ine osaifuna.

Nkhani ndi iyi. Iwo ndi bambo anapitira limodzi ku Zambia, kukagwira ntchito pa esiteti ya fodya kufupi ndi Chipata. Kumeneko bambo anakwatira, ukwati weniweni wa ankhoswe, osati zobisa. Mu 1985 kunabadwa mwana wamkazi, Veronika. Banja linasokonekera, bambo n'kubwerera kuno mwana ali ndi zaka zitatu. Chaka chotsatira anakwatira amayi.

1985. Ndinawerengetsa m'mutu nthawi yomweyo. A Gerald ndi a 1990.

"Ndiye wamkulu ndi iyeyo?"

"Wamkulu ndi iyeyo," anatero a Habibu. "Ndipo unamuonapo. Zitenje zimene zili pashelefupo amabweretsa ndi iye, kumapeto kwa mwezi uliwonse. Pamaliro a bambo ako ndinamuimbira ine. Anabwera, anatunga madzi ndi azimayi masiku awiri, anatsuka mbale, n'kubwerera. Palibe anamufunsa kuti ndiwe yani. Pamaliro anthu safunsana."

Ndinayesa kukumbukira nkhope za azimayi a kuchitsime. Palibe imene inabwera. Ndikuganiza kuti anandipatsapo madzi osamba m'manja.

Ndinafunsa chifukwa chake bambo sankapita kukamuona, boda ili pafupi chonchi, njinga imafika. A Habibu anayang'ana mabelo. "Zimenezo si zanga kunena. Ine ndine wa shopu."

Lachiwiri, 13 Ogasiti

Ndalemba mbiri katatu.

Yoyamba ndinaikamo zonse, esiteti, ukwati, mwana wotsuka mbale pamaliro a bambo ake. Yatuluka bwino moti Madamu C. akanaiwerenga m'kalasi. Ndipo ndachita manyazi, chifukwa ndinazindikira kuti ndikusangalala nayo. Ndapeza nkhani yokoma, ndaiwala kuti ndi amayi anga amene adzakhale pamphasa patsogolo pa anthu mazana awiri.

Yachiwiri ndinazembazemba, "ana ake onse, apafupi ndi akutali." Bodza lovala suti.

Yachitatu ndatsata a Benedicto, mizere yowongoka, zaka zonse m'malo mwake. Ana asanu. Maina asanu. A Gerald poyamba.

Ndasankha yachitatu. Veronika wakhala zaka 36 wopanda ife, akhoza kupirira Loweruka limodzi. Amayi sangapirire. Ndalemba zimenezi kuti ndidzikhulupirire, koma sizikugwira.

Lachitatu, 14 Ogasiti

Ndilembe zisanazizire.

Masana tinali awiri ndi amayi pakhonde, tikusenda mtedza wa alendo. Ndinati ndiwawerengere yatsopano ija. Anagwedeza mutu pa ubatizo, anandikonza dzina la mudzi wa agogo. Nditafika pa "wasiya ana asanu" sanasiye kusenda.

"A Benedicto anati sikisi."

Ndinatsitsa pepala, n'kuwayang'ana.

"Ukuyesa ndinali wogontha tsiku lija? Ndinamva. Ndinamuonanso kuchitsime. Mayendedwe ndi a bambo ako enieni, phazi lakumanzere kuponya kunja."

"Amayi, mumadziwa?"

"Bambo ako anandiuza tisanakwatirane. Sanandibisire kanthu munthu uja."

Analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi buku lawo lakale la nyimbo, lija lopanda chikuto. Pakati pake panali pepala la m'kope lopindidwa kanayi, lofiirira m'mphepete. Anandipatsa. "Werenga, poti ndiwe wowerenga."

Ndalikopera pano mmene lilili:

"Ba Tate, ndine Veronika. Amai anafa pa Ciwili. Nili kwa ambuya. Nili mu giledi 6, ninapasa namba 2. Bwelani munione. Ngati simuzanidziwa nizavala dilesi ya gilini."

Pamwamba palembedwa Juni 1997.

Amayi anayankhula akuyang'ana mtedza. Kalatayo inabwera ndi munthu wa njinga bambo ali kumsika wa fodya ku Lilongwe. Iwo anali ndi pakati pa a Thandiwe, ana atatu ali m'manja, chaka cha njala pakhomo. Anaopa kuti bambo akawoloka boda sabwerako, kapena abwera ndi pakamwa pena. Anaibisa kuti adzawapatse akachira. Atachira anati mawa. Kenako panapita nthawi yoti kuipereka kukanafuna kufotokoza chifukwa chake yachedwa.

"Bambo ako anafa akuganiza kuti mwanayo sanawafune. Mwanayo anakula akuganiza kuti bambo ake anawerenga n'kukhala chete. Pakati pawo panali ine."

Sabata yonseyi ndinawalemba amayi m'mutu mwanga ngati mayi wonyengedwa wa m'mabuku, wosadziwa kanthu, wofunika kutetezedwa ndi mwana wake wophunzira. Ndinawerenga tsamba la a Benedicto bwinobwino, koma amayi anga ndinawawerenga molakwa kuyambira pachikuto.

Ndinafunsa kuti nditani. Anati, "Ine kulemba sindidziwa bwino, ndinangodziwa kubisa. Iwe ulembe dzina lake pamalo pake. Ndipo upite kwa a Habibu amuimbire. Umuuze kuti ndamuitana ine."

Kalatayo ndaiwerenga mwina kakhumi. Zaka ziwiri ndakhala ndikuphunzira mmene mawu amagwirira munthu pamtima, ndipo sindinalembepo chiganizo chofika pa dilesi ya gilini ija.

Lachinayi, 15 Ogasiti

M'mawa amayi anaitana a Gerald kuseri kwa nkhokwe. Sindinamve zonse, koma mawu a achimwene anafika mpaka kukhola. Atabwera analunjika kwa ine.

"Ndi zimenezi amakuphunzitsani? Kufukula zimene anthu anakwirira? Ndinakupempha mbiri, sindinakupemphe mlandu."

Ndinati sindinafukule ine, zinawerengedwa pamaso pawo chaka chatha.

"Ndinamva!" anakuwa. "Ukuyesa ndiwe wekha uli ndi makutu? Ndinamva, ndinasankha kukhala chete. Amene anagona pansi kuchipatala miyezi iwiri ndi ndani? Amene ankawatembenuza bambo, kuwasambitsa? Lero munthu wa zitenje abwere adzachotse nsalu, ine nditaima kumbuyo ngati mlendo?"

Apa ankanena zoona. Ndinali kukoleji ndikulemba mayeso pamene iwo ankachapa zofunda za bambo. Ndinangoti Veronika nayenso akanabwera akanaitanidwa. Anandiyang'ana moipa, n'kukwera njinga. Nkhomaliro sanadye.

Masana ndinapita kwa a Habibu. Anamuimbira Veronika, anayankhula pang'ono, n'kundipatsa foni.

Mawu ake ndi otsika, osafulumira. Ndinadzitchula dzina. Anati, "Nikudziwa. Ndiwe wamng'ono uja unakomoka pa manda." Ndinamuuza za Loweruka, ndi kuti amayi ndiwo amuitana. Za kalata sindinanene, si zanga.

Yankho lake linali ili:

"Ine sinifuna kubweletsa nkhondo pa nyumba ya anthu. Ninabwela kale, ninalila, ninapita. Sinifuna munda, sinifuna ciliconse."

Ndinati palibe akunena za munda. Ndi dzina lokha, kuti litchulidwe.

"Manje dzina nizacita nalo cani pa zaka izi?" Kenako anafunsa, "Ba Gerald akuti bwanji?"

Ndikanatha kunama. Ndinati akwiya.

"Ehe," anatero. "Nizaona." Foni n'kuduka.

A Habibu anati chibale n'fupa, sichiola. Ndinati fupa limathyoka. Anati ana a kukoleji mumayankha msanga.

Lachisanu, 16 Ogasiti

Pakhomo padzaza. A Rozi afika kuchokera ku Kasungu, a Mateyo ndi a Thandiwe ali pano ndi ana awo. Amayi awauza onse okha, mmodzimmodzi. A Rozi analira, a Mateyo anangoti "ndinkakayikira," zimene ndi bodza. A G. akuyendetsa ntchito zonse bwinobwino koma sakundiyankhula. Akafuna kanthu kwa ine akutuma a Thandiwe.

Mbiri yomaliza ndi tsamba limodzi. Mulibe mkuyu. Ndaikamo chinthu chimodzi chokha changa, chakuti bambo ankaimba mluzu akamapalasa njinga potsetsereka. Pa Zambia ndalemba: "Mu 1983 anapita ku Zambia kukagwira ntchito ya fodya, ndipo kumeneko anakwatira nabereka mwana wawo woyamba." Chiganizo chimenechi chanditengera m'mawa wonse. Ndawonjezanso china: "Pa matenda awo anawasamalira usana ndi usiku mwana wawo Gerald."

Ngati sabwera, kodi ndiitane dzina la munthu amene palibe? Ndawafunsa amayi. Ati uitane basi.

Loweruka, 17 Ogasiti

Kumanda tinafika cha m'ma 10, kwaya patsogolo. Chiliza chinali chitaphimbidwa ndi nsalu yoyera, miyala inayi m'makona kuti mphepo isaiulutse. A Gerald anaima kumutu kwa manda m'shati yawo yatsopano. Ndinayang'ana m'gulu la azimayi, nkhope zambirimbiri, zitenje zofanana. Sindikumudziwa, ndiye ndimayang'ana chiyani? A Habibu anali ataima patali pansi pa mtengo ndi anzawo awiri. Ananditsinzinira diso kapena linali dzuwa, sindikudziwa.

Atatha mapemphero a Benedicto anandikodola. Ndinawerenga pang'onopang'ono. Pa mluzu anthu anaseka, ena n'kupukuta m'maso. Pa Zambia kunamveka kanong'onong'o kumbuyo, kenako zii. Pa chiganizo cha matenda a Gerald anaweramitsa mutu.

"Wasiya mkazi mmodzi, ana sikisi ndi zidzukulu khumi ndi chimodzi. Tsopano ndiitana ana, kuyambira wamkulu."

Ndinakweza maso kuyang'ana anthu.

"Veronika Mbewe."

Palibe anasuntha. Ndinamva mbuzi ikulira kumudzi. Ndinayamba kuwerenga m'mutu, kuti ndikafika teni ndipitirire. Ndili pa seveni amayi anadzuka pamphasa, movutikira chifukwa cha bondo lija, n'kuyenda kudutsa pakati pa azimayi mpaka kumzere womaliza. Anaima pamaso pa mayi wina wamfupi, wa mpango wakuda, n'kugwada pafumbi pomwepo. Zimene ananena sitinamve. Zinatenga nthawi. Mayiyo anagwira pakamwa ndi manja onse awiri, kenako anawerama n'kuwadzutsa.

Anabwera limodzi, amayi atamugwira pamkono. Phazi lakumanzere amaponyadi kunja.

Atafika pachiliza anaima patali pang'ono ndi nsalu, manja ali kumbuyo, akuyang'ana a Gerald. A Gerald akuyang'ana pansi. Ine pepala lili m'manja, dzina lachiwiri lili pakamwa, osadziwa ngati ndiliitane.

A Gerald anawerama, anachotsa mwala wa pakona imodzi, n'kuuika pambali. Anachotsanso wachiwiri. Kenako anatukula nsonga ya nsalu, osaikoka, n'kuigwira m'mwamba choncho. Mawu anatuluka okhakhala.

"Achemwali, gwirani uku. Yambani ndinu."